Mwandionera Pati?

Ine ndine woswa miyala
kumtunda kuno kwa Namwera, pomwe msewu umapinda ngati chigongono.
Mpini wa hamala yanga ndidasema ndekha.
Wilibala imodzi ya miyala
imandigulira sopo, mchere, ndi chenji chosakwana kalikonse.

Lachinayi lija mvula idagwa osachenjeza.
Ndidathawira pansi pa thanthwe lolendewera,
momwe mbira zimasiya timibulu touma ngati nandolo,
ndi kuyatsa tochi ya pafoni kuti ndione ngati muli njoka.
Munalibe njoka.
Munali manja.

Ndidawerenga asanu ndi awiri,
lachisanu ndi chitatu lidadyeka theka ndi ndere.
Lililonse lotuwa mkati, lozingidwa ndi kufiira kwa katondo,
ngati wina adatsamiza chikhatho pamwala,
natafuna dothi, nalipopera ndi pakamwa,
kenako nachotsa dzanja, kusiya malo ake okha.

Ndidaika langa pa limodzi.
Langa lidalimeza lonse.
Koma mkombaphala wake ndi waufupi, wodukira pamfundo,
monga wanga, umene hamala idaluma
chaka chomwe madzi adakokolola mlatho wa kwathu.
Iwe, chidakudya n'chiyani?
Msampha? Nguluwe? Kapena udangochipinda dala
kuti useke munthu amene adzabwere?

Amati kuno kunkakhala Akafula,
anthu a uta ndi uchi, osadziwa khasu,
ndipo ukakumana naye m'tchire ankakufunsa,
mwandionera pati?
Ukati pompano, waputa muvi.
Ukati kutali uko, kuseri kwa phiri lija,
ankamwetulira, n'kukupatsa njira.

Ine kulemba sindidziwa.
Tsiku la makuponi kalaliki amandigwira padzanja ngati mwana,
amviika chala changa mu inki,
dindani apa, bambo, fulumirani, mzere ndi wautali.
Mapepala amenewo chiswe chidamaliza kalekale.
Iwe sudaime pamzere wa munthu,
koma chidindo chako chikadali apa.

Loweruka ndidapita ndi Asiyatu, mwana wanga wa sitandade 5.
Adakana kulowa, kununkha mileme,
mpaka ndidamulonjeza mandasi.
Dzanja lake lidalowa ndendende mu lachitatu kuchokera kumanzere.
Adakhala chete kanthawi, ndiye akuti,
Baba, ili la pamwambali
mwini wake adamunyamula ndani?
Sindidamuyankhe. Ndidangomunyamula.

Tsopano Che Mkwanda wa lole akufuna matani khumi
a maziko a sitolo ku boma.
Adaloza thanthwe lomwelo ndi kiyi wa galimoto:
limenelo lili pafupi ndi msewu,
sonkha matayala akutha pansi pake usiku umodzi,
m'mawa likhala litang'ambika lokha ngati chinangwa chophika.
Ndalama adatchula, ndipo ndidameza malovu.
Fizi ya mayeso, malata awiri a pakhonde,
ngongole ya kwa Abiti Sumani.

Ndidamunamiza.
Ndidati mwala umenewo ndi wofumbwa, sugwira simenti,
nyumba yanu idzakhala pansi mvula yachiwiri.
Adandiyang'ana nthawi yaitali, naliza injini.

Ndiye ndikuswa lina, la kuseri kwa mibawa,
mtunda wowirikiza kawiri, wilibala yolira tayala,
msana ukundiwerengera sitepe iliyonse.
Sindine ndekha wa hamala m'mudzi muno,
ndipo matayala akutha sasowa.
Sindikulonjeza kanthu.

Koma ndikamadutsa pamenepo m'mawa
ndimaima, ndimatula hamala pansi,
ngati mlendo wodikira kuti amulonjere.
Ndipo ukadzandifunsa,
iwe wa chala chachifupi,
ndidzakuyankha zoona, osati chifukwa choopa muvi:
kutali.
Ndakuonera kutali kwambiri,
kuposa kumene phiri lililonse lingabise munthu,
ndipo unali utakweza dzanja.